Land Cruiser, Hilux kapena Can-Am: iti yopita nayo ku mpikisano wa m'chipululu?

Anthu ambiri akamva kuti Nasser Al-Attiyah, dalaivala wa ku Qatar, anapambana Dakar, mpikisano wotchuka wa magalimoto m'chipululu, mu 2019, 2022 ndi 2023 pa Toyota Hilux, amangoti nkhani yatha, tigule Hilux basi. Koma Hilux imene ija yangotenga dzina chabe. Mafupa ake ndi mapaipi achitsulo owotcherera, thupi ndi lopepuka, ndipo injini anaisunthira chapakati. Simungaipeze pamsika. Ndiye tiyeni tiyerekeze zomwe munthu wamba angagule n'kuzikonza: Land Cruiser 70, Hilux yamasiku onse, ndi tigalimoto tating'ono topangidwira njira zam'tchire totchedwa SSV, monga Can-Am Maverick ndi Polaris RZR.

Pamchenga mdani woyamba ndi kulemera. Land Cruiser 70 imapitirira matani awiri isananyamule kanthu. Muikemo khola la zitsulo loteteza anthu ikagubuduzika, matayala awiri apadera, thanki yaikulu ndi madzi, mwaiwonjezera mtolo wina. Ikafika pamwamba pa phiri la mchenga n'kuzengereza pang'ono, imakhala pamimba, matayala n'kumangozungulira m'malere. Pamenepo ndi fosholo ndi thukuta. Komabe ine galimotoyi ndimaipatsa ulemu. Injini yake yakale ya dizilo, 1HZ ya malita 4.2, ilibe turbo ndipo ilibe makompyuta ovutitsa. Imachedwa kukoka, inde, koma makaniko aliyense amaidziwa, ndipo ma ekiselo ake olimba amapirira miyala imene ingathyole galimoto zina. Choipa n'chakuti mukathamanga pa mabampu, ma ekiselo omwewo amakugwedezani mpaka msana kudandaula.

Hilux ili pakatikati. Miyendo yake yakutsogolo imayenda payokhapayokha, choncho imamvera chiwongolero bwino pa liwiro kuposa Land Cruiser. Kumbuyo n'kopepuka, kumadumphadumpha pa masipuling'i ake, ndipo zakutsogolo sizichedwa kutopa mukamaimenyetsa.

SSV ndi nyama ina. Nthawi zambiri imatuluka ku fakitale yosakwana tani imodzi, miyendo yake imakwera ndi kutsika kutali kwambiri, ndipo pomwe Land Cruiser ikubuula, iyo imangoyandama. Mukaphonya njira pa phiri la mchenga imakukhululukirani, ndipo ikatitimira, anthu awiri amaitulutsa msanga. Kwa wongoyamba kumene, chifundo chimenechi n'chamtengo wapatali. Koma ili ndi nthenda yake: lamba. Zambiri mwa izi zimayendera lamba wa CVT, wotengera mphamvu ya injini kupita ku matayala, m'malo mwa magiya wamba, ndipo lambayo akatentha pa mchenga wofewa amaduka. Muyenera kunyamula ena apadera, kuika geji yoonetsa kutentha kwake, ndi kuphunzira kumusintha manja akupsa. Komanso mulibe magalasi. Fumbi lija la fesh-fesh, losalala ngati ufa, mumalimwa tsiku lonse, ndipo m'mawa kuzizira kwa m'chipululu kumakulowani m'mafupa.

Pokonza, zitatuzi zimafuna zofanana, ndipo ndikupemphani kuti injini muisiye kaye. Yambani ndi buku la malamulo a mpikisano umene mukupita, chifukwa khola la zitsulo, mipando, malamba omangira pathupi ndi zozimitsira moto akazikana pa tsiku lofufuza galimoto mpikisano usanayambe, simunyamuka. Kenako ma shock, zida zochepetsa kugwedezeka pa mabampu, okhala ndi kabotolo kapadera ka mafuta, poti ma shock wamba akatentha amafooka ndipo galimoto imayamba kunjanja. Kenako kuziziritsa. Pamchenga injini imalira kwambiri pomwe galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, mphepo yofika pa rediyeta n'kuchepa. Land Cruiser ndi Hilux zimavutika kwambiri apa chifukwa cha katundu wake. Sefa ya mpweya muziitsuka kapena kuisintha madzulo alionse.

Za matayala: kuchotsa mpweya mpaka pafupifupi bar imodzi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) kumathandiza kuposa mphamvu iliyonse yomwe mungawonjezere mu injini. Tayala limatambasuka n'kugwira mchenga wambiri. Koma mukakhota mwamphamvu likhoza kuvuka pa limu, ndipo galimoto yolemera ndiyo imavula msanga. Mukabwerera pa miyala, pompaninso.

Tsono iti? Ngati mpikisano ndi wa liwiro ndipo mapiri a mchenga ndi ochuluka, monga Abu Dhabi Desert Challenge, ine ndingatenge SSV mosakayika. Ngati ndi wofufuza njira, monga Rallye Aïcha des Gazelles wa amayi ku Morocco, komwe amagwiritsa ntchito mapu ndi kampasi ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda waufupi, liwiro silikupindulirani zambiri. Kumeneko Hilux kapena Land Cruiser, yokhala ndi zitseko, mthunzi ndi malo oyalapo mapu, ikutumikirani bwino. Pakati pa ziwirizi ndingasankhe Hilux ngati mchenga ndi wambiri, Land Cruiser ngati njira yadzaza miyala.