Mashiti a lasitiki pa matiresi okhuthala: mmene akhalira patatha miyezi yambiri

Shiti ya lasitiki ikakhala yatsopano siivuta. Iliyonse imalowa pa matiresi, ngakhale mochita kukokera, ndipo bedi limaoneka bwino. Khalidwe lake lenileni limaonekera ikachapidwa kangapo, ikagonedwa usiku wotentha ndi wozizira, lasitiki wake atatopa. N'chifukwa chake ndinadikira mpaka pano kuti ndinene za mashiti amene ndakhala ndikuyala mosinthanasintha kwa nthawi yoposa theka la chaka.

Matiresi anga ndi a masentimita 150 m'lifupi, 200 m'litali, ndipo ndi okhuthala masentimita 30, masipuling'i pansi, pamwamba memory foam, siponji yofewa imene imatsatira mmene thupi lagonera. Pamwamba pake pali kamatiresi kofewa ka masentimita 5, kenako nsalu yotchinga thukuta ndi madzi. Zonse pamodzi zimafika masentimita 36. Nambala imeneyi ndiyo yofunika, osati 30 imene inalembedwa pa matiresi, chifukwa shiti imakuta mulu wonsewo. Poyeza, ikani thabwa kapena chinthu china chowongoka pamwamba pa bedi, chitulukire kumbali, muyeze kuchokera pamenepo kufika pansi pa matiresi. Matiresi ambiri amakhala otukuka pakati, ndiye mukangoyeza m'mphepete tepi imakunamizani ndi masentimita awiri kapena atatu.

Pa paketi pamalembedwa kuya kwa thumba la pangodya, koma opanga sagwirizana pa chimene nambalayo ikutanthauza. Ena amalemba kukhuthala kwa matiresi amene shitiyo ingakwanire. Ena amalemba kutalika kwa msoko wa pangodya, kuchokera pamwamba kukafika pa lasitiki. Zinthu ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Msoko wa masentimita 36 pa mulu wa masentimita 36 umafika m'munsi basi, osapindikira pansi, ndiye palibe chimene chikugwira. Lasitiki amagwira ntchito akakhala kunsi kwa matiresi, akukokera nsalu m'kati. Akakhala m'mbali amangotsetsereka kukwera m'mwamba. Mawu oti deep pocket, otanthauza thumba lakuya, nawonso musawadalire okha, poti palibe muyeso umodzi umene onse amatsata. Ndinaona mashiti a mawu omwewo, wina msoko wake 35, wina 45.

Chimene chasiyanitsa mashiti anga kuposa china chilichonse ndi kubwerera kwa nsalu ikachapidwa. Thonje limabwerera, makamaka pa kuchapa koyambirira, ndipo ambiri amaona ngati ndi nkhani yaing'ono. Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti nsalu yabwerera ndi 4 peresenti. Munthu angaganize kuti thumba la masentimita 40 lataya sentimita imodzi ndi theka basi. Koma nsalu ya pamwamba nayo yabwerera, pamene matiresi sanabwerere. Kuchokera pa lasitiki wa kumutu, kudutsa pamwamba, kukafika pa lasitiki wa kumiyendo pali 40, 200 ndi 40, zomwe ndi masentimita 280. Mukachotsapo 4 peresenti, masentimita 11 apita. Pamwamba payenera kukutidwabe masentimita 200 onse, ndiye kuperewera konseko kumalipiridwa ndi m'mbali, masentimita oposa 5 kumutu, enanso oposa 5 kumiyendo. Thumba lija la 40 layamba kugwira ngati la 35 kapena kucheperapo. Mudzaziona ndi maso: nsonga ya msoko, imene poyamba inkakhala pa ngodya penipeni, imayamba kukhala pamwamba pa matiresi, italowera m'kati.

Izi n'zimene zinachitikira shiti yanga ya sateen ya thumba la masentimita 40. Mwezi woyamba inali yokoma zedi, yosalala, yonyezimira pang'ono, yopindikira pansi ndi zala ziwiri. Lero imafuna kuti ndinyamule ngodya ya matiresi ndi bondo kuti ilowe, ndipo ngodya ya kumutu, mbali imene ndimatsikira, imavuka pakati pa usiku. Choipa china n'chakuti shiti yothina imapinda matiresi. Foam ndi yofewa, ikakokedwa imagonja, ngodya zimatukukira m'mwamba, kamatiresi ka pamwamba kamakwinyikira m'kati. Msoko umodzi wayambanso kumasuka pa nsonga chifukwa chokokedwa tsiku ndi tsiku. Nsalu yake payokha yatuluka timibulu ta ulusi pamene pamakhala zidendene. Sateen amawomba ulusi umodzi kudumpha pamwamba pa ulusi wina unayi kapena utatu usanalowe pansi. Kusalala kwake kumachokera pamenepo, ndipo kusachedwa kukwekweseka kumachokeranso pomwepo.

Shiti imene yapirira ndi ya percale, thonje lokhalokha, thumba la masentimita 45. Poyamba sindinaikonde kwenikweni. Inali youma m'manja, yochita phokoso munthu akatembenuka, ndipo inkaoneka yaikulu moti m'mbali munkatsala nsalu yolendewera. Itachapidwa kangapo inabwerera n'kufika pokwana ndendende. Pano imapindikira pansi pafupifupi masentimita 5 mbali zonse, ndipo sinavukepo. Yafewanso bwino. Percale amawomba ulusi umodzi pamwamba, wina pansi, mosinthana, choncho nsaluyo ndi yolimba ndipo mpweya umadutsa. Pa memory foam, imene imasunga kutentha kwa thupi, zimenezi zimamveka usiku. Vuto lake ndi makwinya. Ikauma imaoneka ngati inatafunidwa ndi ng'ombe. Ine sindisita shiti ya lasitiki, ndimangoiyala isanaumitsitse kwambiri, ikakokedwa pa bedi makwinya ambiri amatha okha.

Ndiye ngati mukufuna nambala, onjezani masentimita 8 mpaka 10 pa kukhuthala kwa mulu wanu wonse ngati shitiyo ndi ya thonje lowomba ndipo nambala ya pa paketi ndi ya msoko. Ena amati 5 ndi okwanira. Amakwanira shitiyo isanakhudze madzi. Pa paketi pakalembedwa kuti nsaluyo inachapidwa kale ku fakitale kuti isadzabwerere, mukhoza kuchepetsako pang'ono.

Musathamangirenso yakuya kwambiri poganiza kuti mwathana nazo. Ndili ndi ya microfiber ya thumba la masentimita 55. Microfiber ndi polyester, sabwerera, ndiye kukula kwake n'komweko mpaka lero. Siivuka, zoona, koma pamwamba siikungika. Nsalu yotsala imayenda, m'mawa mumapeza mizere yokwinyika pansi pa msana, ndipo nthawi yotentha imamata thupi. Imauma msanga ikachapidwa, ubwino wake ndi umenewo. Ndinaisiya kuti izikhala yapadera.

Ya jersey, nsalu yoluka yonga ya malaya otambasuka aja, inandidabwitsa. Chifukwa imatambasuka, imakhululuka pa miyeso: thumba lake ndi 40 koma imakwanabe. Kwa munthu amene nthawi zina amachotsa kamatiresi ka pamwamba, nthawi zina n'kukabwezera, imeneyi ndi yothandiza. Koma miyezi ikupita yayamba kutaya maonekedwe. Yapotoka pang'ono moti misoko siigweranso pa ngodya bwinobwino, pakati yatambasuka osabwerera, ndipo timibulu tachuluka kuposa pa sateen.

Za lasitiki. Pali mashiti a lasitiki wa m'ngodya mokha, ena kumutu ndi kumiyendo, ena kuzungulira konse. Pa matiresi opyapyala kusiyanaku mwina sikuoneka, koma pa okhuthala mbali yaitali yopanda lasitiki imayasama, n'kuyamba kukwera. Tengani wozungulira konse. Muonenso mmene anamuikira. Wolowetsedwa m'kati mwa mpendero amatetezeka, ndipo akatha mphamvu telala amamusolola n'kulowetsa wina mosavuta. Wosokereredwa pa nsalu mwachindunji, wopyapyala ngati chingwe cha nsapato, ndi amene watopa msanga pa mashiti anga. Pa percale ija lasitiki wake ndi wotambalala kuposa sentimita imodzi, ndipo mpaka pano ndikamukoka amabwerera mwamphamvu.

Chimene chimapha lasitiki ndi kutentha ndi mankhwala oyeretsa a chlorine. Apa pali kukokanakokana, chifukwa tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'fumbi la pa bedi, timene timavutitsa anthu a mphumu, timafa bwino pa madzi a madigiri 60. Kuchapa pa 60 sabata iliyonse kumafulumizitsa kubwerera kwa thonje ndi kutopa kwa lasitiki. Ine ndimachapa pa 40 nthawi zambiri, pa 60 mwa apo ndi apo, ndipo ndimayanika pa chingwe. Makina oumitsira zovala akatenthetsa kwambiri amabwereretsa nsalu kuposa madzi otentha. Ngati m'nyumba mwanu muli wodwala mphumu ndipo simungachitire mwina, chapani pa 60, koma pogula muwerengeretu zimenezo, mutenge thumba lokulirapo.

Nambala ina imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa paketi ndi thread count, kuchuluka kwa ulusi pa inchi imodzi m'litali ndi m'lifupi. Sateen yanga yolephera ija inalembedwa 600, percale yopirira ija 200. Sindikunena kuti nambala yaing'ono ndiyo yabwino, koma kuti nambalayi siikuuzani ngati shiti idzakhala pa bedi. Opanga ena amapota timaulusi tiwiri kapena titatu kukhala ulusi umodzi, n'kuwerenga kalikonse pakokha, nambala n'kukwera nsalu isanasinthe. Chimene chimachepetsa timibulu ndi thonje la ulusi wautali, monga la Pima, chifukwa nsonga zotuluka pa nsalu zimachepa.

Kuya kukhoza kukhala kolondola koma shiti n'kukanabe, ngati m'lifupi ndi m'litali simunagwirizane. Mayina a kukula kwa bedi amasintha ndi dziko. King ya ku Britain ndi 150 kwa 200, pamene king ya ku America ndi pafupifupi 193 kwa 203. Queen ya ku America ndi 152 kwa 203, ya ku South Africa ndi 152 kwa 188, pokhapokha italembedwa kuti ndi yotalikirapo, imene imafika 200. Double ya ku Britain ndi 135 kwa 190. M'maiko ambiri a ku Ulaya amangolemba manambala, 160 kwa 200 kapena 180 kwa 200, ndipo ndimaona kuti ndiko kuchita bwino. Mukagula pa intaneti dzina lokha lingakusocheretseni, yang'anani masentimita. Ngati alemba mainchi, inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye thumba la mainchi 16 ndi pafupifupi masentimita 41, la mainchi 18 ndi pafupifupi 46.

Sateen ija sindinaitaye. Ndinayesa malamba a lasitiki okhala ndi zopanira, amene amadutsa kunsi kwa matiresi n'kugwira nsalu pa ngodya iliyonse. Amathandizadi, ndikawamanga ngodya siivuka. Koma kuwamanga pa matiresi olemera chonchi ndi ntchito, munthu mmodzi amatuluka thukuta, ndipo zopanira zachitsulo zasiya timabowo m'mphepete mwa nsalu. Malambawa amagwira bwino pa shiti yokulirapo, ngati microfiber ija, imene imangofuna kukungidwa. Pa shiti yoperewera amangowonjezera kukoka pa misoko imene ikuvutika kale. Ndikachotsa kamatiresi ka pamwamba, mulu n'kutsika kufika masentimita 31, sateen imalowa yokha popanda lamba aliyense, ndiye ndimaiyala nthawi imene kamatiresiko kachotsedwa kuti kapitidwe mphepo.