A Met, Windy, Yr kapena kapafoni kaja: tidalire ati pa zanyengo?

Mlimi wa ku Kasungu amafuna kudziwa ngati mvula yodzalira yafika, msodzi wa ku Nkhotakota amafunsa za mwera, pomwe mayi wa ku Ndirande akungofuna kudziwa ngati ayanike mphale lero. Mafunso atatuwa sangayankhidwe bwino ndi gwero limodzi.

Kapulogalamu kobwera kale m'foni, kaja koonetsa kamtambo ndi 60%, ndi komwe ambiri timayang'ana, koma kwa ine ndi kofooka pa onse. Manambala ake amachokera ku makompyuta akunja omwe amagawa dziko lapansi m'timabokosi ta makilomita angapo mbali iliyonse. Mvula yathu ya dzinja ndi ya mabingu, yogwa apo ndi apo: imakhuthuka ku Area 25 uku ku Kawale fumbi lili koboo. Mtambo wotero kompyuta siidziwa kuti ukathira pati. Ndipo 60% ija sikuti ivumba tsiku lonse ayi, ndi mwayi chabe woti ingagwe. Pa za kutentha kamayesetsa ndithu.

Mapulogalamu a zanyengo otchedwa Yr ndi Windy ali patsogolo pang'ono. Yr ndi ya nthambi ya zanyengo ya ku Norway mogwirizana ndi wailesi ya NRK. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imakuuzani mamilimita a mvula yomwe ikuyembekezeka. Windy imaonetsa mapu oyenda a mphepo ndi mitambo. Chomwe ndimaikondera n'chakuti mutha kuika ulosi wa makompyuta a ku Ulaya otchedwa ECMWF pambali pa wa makompyuta a ku America otchedwa GFS. Awiriwa akagwirizana, khazikani mtima pansi. Akasiyana, dziwani kuti tsikulo silinadziwike bwino. Koma Windy imadya bandulo, ndipo pa netiweki ya kumudzi mapu aja amangozungulira osatseguka. Yr ndi Windy onse amathandiza pa masiku atatu kapena anayi akubwerawa. Zapatsiku la khumi musakonzere nazo ukwati wa panja.

Tsono a Met, kutanthauza Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre. Nawonso amagwiritsa ntchito makompyuta akunja omwewo, koma amaphatikiza ndi zomwe ayeza pamalo monga Chileka, Chitedze, Bvumbwe, Ngabu ndi Karonga. Pamwamba pa izo pali munthu wodziwa kuti chiperoni chikamabwera kuchokera ku Mozambique, ku Thyolo ndi Mulanje kuchita nkhungu ndi mvula yowaza, komanso kuti mwera ukalimba m'miyezi yozizira bwato laling'ono lisayerekeze kulowa panyanja. Machenjezo a boma amatuluka kumeneku. Namondwe wa Freddy asanafike m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, chenjezo linali litamveka kale pawailesi. Ndi iwonso amatulutsa ulosi wa dzinja lonse mvula isanayambe, n'kuugawa boma ndi boma. M'nyengo ya 2023/24 ananeneratu za El Niño, nyengo yomwe kawirikawiri imachepetsa mvula kuno, ndipo pofika Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Ulosi wotere Windy sangakupatseni.

Pofooka pawo ndi mawu otambalala: "madera ambiri a chigawo chapakati". Mudzi wanu simuumva. Ndipo mukaphonya nthawi yake pa MBC kapena Zodiak, muyenera kukaufuna patsamba lawo la Facebook kapena kufunsa alangizi a zaulimi.

Mauthenga ongotumizirana pa WhatsApp, opanda tsiku, opanda mwini, ndi oopsa kuposa kusamva kanthu. Chithunzi cha namondwe wa chaka china chimazungulirabe m'magulu ngati cha lero. Zizindikiro za makolo, monga kutentha kwa usiku ndi kutembenuka kwa mphepo, sindizinyoza, koma zimanena kuti mvula yayandikira, osati kuti ipitirira.

Pothamangira kudzala ndi pomwe mbewu yogula modula imathera. Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala, foni imadzaza timitambo ndipo mtima umathamangira khasu. Musanatsegule paketi, mvani kaye zomwe a Met anena za boma lanu, kenako onani pa Yr ngati masiku otsatirawo ali ndi mvula kapena dzuwa lokhalokha.