Ndinkafuna ndakatulo zotumizira akunyumba, ndinapeza zina: nyenyezi 4 mwa 5

Buku la When God is a Traveller ndinaligula mosaganiza bwino, ndivomere. Ndinkafuna kabuku ka ndakatulo zachikondi koti ndizitapamo mizere iwiri itatu n'kumatumizira akunyumba pa WhatsApp, poti iwo ali ku Zomba, ine ndili kuno ku Leeds. Wogulitsa wina wa pa intaneti analemba kuti ndi ndakatulo zachikondi za ku India, ine n'kudina basi. Linafika patatha masabata awiri, chikuto chitapindika pakona, tsamba lina lili ndi banga la tiyi, chonsecho ankati n'longa latsopano. Nyenyezi yachisanu yathera pamenepo.

Mlembi wake ndi Arundhathi Subramaniam, mayi wokulira ku Mumbai amene amalemba m'Chingerezi. Langali ndi losindikizidwa ndi Bloodaxe Books mu 2014. Zoti linalowa m'gulu la mabuku opikisana pa T.S. Eliot Prize, mphoto ya ndakatulo ya ku Britain, kenako n'kupata mphoto ya Sahitya Akademi ya 2020 kwawo ku India, ndinazidziwa nditaliwerenga kale kawiri, ndiye musati mphoto ndi zimene zandikopa.

Usiku woyamba ndinakhumudwa. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, onse akagona, ndimakhala pakampando ka m'khonde nyale yaing'ono ili pambali. Ndinatsegula, kufufuza mzere woti ndikopere, osaupeza. Ukamawerenga umayesa mayiyu akulankhula ndi mwamuna amene akumusowa, koma ukafika kumunsi umayamba kukayika: kodi si Mulungu ameneyu? Ubwerere pamwamba, uyambirenso. Ndinaliponya m'chikwama.

Chinandibweza ndi ndakatulo imene yapatsa bukuli dzina. Ikunena za Kartikeya, mulungu wa Ahindu amene Atamil amamutcha Muruga kapena Subramanya, mnzake wa dzina wa mlembiyu. Nthano yake imati makolo ake, Shiva ndi Parvati, analonjeza chipatso kwa mwana wawo amene ayambe kuzungulira dziko lonse. Kartikeya anakwera pikoko wake ulendo. Mbale wake Ganesha anangozungulira makolo ake pomwepo, nati dziko langa ndinu, n'kulandira chipatso. Ambiri amayamikira nzeru za Ganesha. Mayiyu wasankha wolepherayo, amene anayendadi, fumbi n'kumukwana, n'kubwerera chimanjamanja. Munthu amene wakhala zaka kunja, maliro a kumudzi kumangowamvera pafoni, safunika kumumasulira ndakatulo imeneyi. Ndinaiwerenga katatu belu la agogo ena lisanalire.

Ndiye pali ndakatulo zisanu ndi zitatu za Shakuntala, mtsikana wa m'nkhani zakale za Mahabharata ndi sewero la Kalidasa, uja mfumu Dushyanta inalephera kumuzindikira mphete imene inamupatsa itatayika m'madzi. Bambo ake anali Vishwamitra, munthu wodzimana wopemphera kutchire, mayi ake Menaka, wovina wakumwamba. Mlembi sakumulirira ayi. Akumuona ngati mwana wosokonezeka wobadwa pakati pa pemphero ndi chilakolako, ndipo amamuseka mwachikondi ngati mmene azakhali amachitira. Nthabwala zotere sindinaziyembekezere m'buku lauzimu.

Pambuyo pake ndinamva kuti kusakaniza chikondi ndi kupembedza kotereku n'kwakale kwawoko, amakutcha bhakti. Amayi ngati Mirabai, Andal ndi Akka Mahadevi ankaimbira mulungu wawo ngati mwamuna wawo weniweni. Ife okulira m'tchalitchi tisadabwe kwambiri, Nyimbo ya Solomo tili nayo, kungoti alaliki amaidumpha.

Chovuta chilipo. Chingerezi chake si chozama, koma mayina a milungu ndi malo ndi ambiri, moti foni izikhala pafupi. Ndakatulo zina, makamaka za moyo wa m'tauni, zinandidutsa osandigwira, mwina chifukwa misewu yakeyo sindinaipondepo. Ndipo si buku lomaliza tsiku limodzi ngakhale ndi lopyapyala; ziwiri pa usiku zimandikwana.

Wofuna mawu okometsera chibwenzi asataye ndalama zake. Ine mzere wotumiza sindinaupeze mpaka lero. M'malo mwake ndinawafotokozera akunyumba nthano ya abale awiri aja pafoni, iwo n'kuseka, amvekere, "Ndiye inu a pikoko mubwera liti?"