Chimbale cha Friends kapena cha Scrubs, chogula ndi chiti?

Chiyambireni pomwe ndinaposta chithunzi cha ma CD anga atatu aja anthu simukundipatsa mpata, uyu akuti ndigule iti, uyu akuti ndibwereke, wina mpaka kundiimbira foni usiku. Ndiye ndiyankhe kamodzi pano. Sinditaya nthawi kufotokoza kuti Friends ndi chani kapena kuti inatha 2004 itayenda zaka 10, zimenezo mukuzidziwa kale. Ine ndikukamba zimbale za nyimbo za masewero a pa TV a ku America awiri, Friends ndi Scrubs, basi: ya Friends ya 1995, inzake ya Friends Again ya 1999, ndi ya Scrubs ya 2002.

Ndinene poyera kuti ine ndine wa Friends. Ma DVD ake ndinaonera mpaka anayamba kudumphadumpha, moti pogula CD ya 1995 ija sindinaganize kawiri. Ndinaipeza pa intaneti kwa munthu wina wogulitsa zakale, mtengo unali wabwino ndithu, koma zotumizira anandiuza nditalipira kale ndipo zinaposa mtengo wa CD yomweyo, kenako itafika ndinalipiranso kena kuti ndiitenge. Kabokosi kake kanafika kosweka pakona. Ndinangoti basi zachitika, bola nyimbo.

Nyimbozo pazokha sindingazinyoze. Muli I'll Be There for You ya The Rembrandts kawiri, yaifupi ya pa TV ija ndi yaitali. Muli I Go Blind ya Hootie & the Blowfish, yomwe ambiri sadziwa kuti eni ake ndi gulu la ku Canada la 54-40, muli R.E.M., Lou Reed, k.d. lang, Barenaked Ladies, ndi Good Intentions ya Toad the Wet Sprocket yomwe kwa ine ndiye shasha wa chimbale chonse. Mayina okhaokha.

Koma abale, zolankhula zija! Pakati pa nyimbo anathiramo tizidutswa ta zokamba za anthu a mu seweroli, Chandler, Joey ndi anzawo, ndi phwete la anthu a mu studio lomwe. Tsiku loyamba ndinaseka, tsiku lachiwiri ndinamwetulira, pofika sabata ndinali nditatopa nazo chifukwa nthabwala ukaimva kakhumi imasanduka phokoso basi. Tsiku lina ndinaika chimbalechi mgalimoto ndikuperekeza amalume, nyimbo yofatsa ikutha bwinobwino, mwadzidzidzi anthu aja gwaaa kuseka, amalume kudzidzimuka nkundiyang'ana amvekere "kodi wailesi yakoyi yagwira masiteshoni awiri?" Ndinasowa choyankha. Ndipo ukati ukopere nyimbo pa kompyuta uike mu foni, tizidutswa tija timabwera nawo, ine ndinakhala madzulo onse ndikudula imodziimodzi ngati ndikusankha mpunga.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi china. Munthu ukamagula chimbale cha sewero umafuna kuti nyimbo ikayamba uone zomwe zinkachitika muja. Tsono nyimbo yomwe aliyense wokonda Friends amaikumbukira, With or Without You ya U2, ija Ross anapempha pa wailesi pomupepesa Rachel atapeza kapepala kolemba zofooka zake, mulibemo. Smelly Cat ya Phoebe mulibenso mu ya 1995. Zambiri zomwe zilimo ukamamvera sizikukumbutsa chilichonse, zili ngati munthu anangotolera magulu omwe ankamveka chaka chimenecho nkumata chithunzi cha anthu 6 aja pamwamba. Yomwe imandibwezera ku Central Perk, malo omwera khofi a mu seweroli, ndi Angel of the Morning ya Pretenders yokha, poti Chrissie Hynde, woyimba wa gululi, anaonekadi mu sizoni 2 akuiyimba ndi gitala atamulanda malo Phoebe.

Friends Again sindikhalitsapo. Smelly Cat ndiye ili mmenemo, muli Smash Mouth, Robbie Williams, Semisonic, komanso remix ya nyimbo yotsegulira ija yomwe palibe anaipempha. Ngati mukufuna Smelly Cat yokha musagulire chimbale chonse.

Ya Scrubs ndinaigula mokayika, mwinanso ndinali ndi kankhwidzi chifukwa mzanga wina amangoti Scrubs imaposa Friends ndipo timakangana mpaka lero. Mayina ake ambiri sindinkawadziwa, Lazlo Bane ndani, Nil Lara ndani. Koma itangoyamba Superman ya Lazlo Bane yemweyo, nyimbo yotsegulira ija, ndinangoona J.D., dokotala wachinyamata wa mu seweroli, akupachika chithunzi cha X-ray. Ndiye kusiyana kwake kuli pamenepo. Anthu a Scrubs, Bill Lawrence yemwe anayambitsa seweroli ndi mkazi wake Christa Miller komanso Zach Braff, ankasankha nyimbo kuti igwire ntchito mkati mwa nkhani, osati yongodzaza mpata. Hallelujah ya John Cale ili mu gawo lija la sizoni 1 lomwe madokotala atatu achinyamata aja aliyense wodwala wake anamwalira, ukaimva pa CD mtima umangoti phwii ngakhale uli pa mzere wa mafuta. Overkill ya Colin Hay, mkulu uja wa Men at Work, anaiyimba yekha mu gawo loyamba la sizoni 2 akumutsatira J.D. paliponse mchipatala ndi gitala mpaka Dr. Cox, bwana wake wa J.D., anamuphwanyira gitalayo. Muli New Slang ya The Shins, imeneyo inali 2002 anthu ambiri asanawadziwe, muli Fresh Feeling ya Eels, Hold On Hope ya Guided by Voices. Ndimaiyika kuyambira koyamba mpaka kumapeto osadumpha, kupatula ya Butthole Surfers yomwe imadalira tsiku.

Palinso chifukwa china chomwe CD ya Scrubs ili ndi phindu pano. Amene munaonera seweroli pa intaneti mwina munaona kuti nyimbo zina anazisintha, nkhani ya malayisensi, poti mapangano a nthawi imeneyo sanaganizire zoonera pa intaneti. Ndiye umapeza malo omwe unkalira pa DVD aikapo kanyimbo kena kosadziwika, zimakwiyitsa heavy. Chofooka chake nchoti chimbale cha 2002 chinatuluka msanga, How to Save a Life ya The Fray ya mu sizoni 5 musaiyembekezere mmenemo.

Pa chikuto Friends yawina, imakongola pa shelefu. Pa kupezeka, ya Friends ndi yosavuta chifukwa inagulidwa kwambiri, ya Scrubs muisaka pang'ono. Pa mayina akuluakulu Friends yawinanso, koma mayina sindiwo amalira mu sipika.

Ndiye ngati ndalama ikukwana chimodzi gulani cha Scrubs, zikundiwawa kulemba koma ndi momwemo, ndipo mzanga uja asaone izi. Cha Friends funani I Go Blind ndi Good Intentions pazokha basi. Amene mukufunabe CD yeniyeni ya 1995 funsani kaye ndalama yotumizira musanalipire kalikonse, kapena bwerani mudzatenge yangayi, kabokosi kake nkosweka pakona koma imalira.