Seestar S50 kapena kamera ndi tracker: woyamba kujambula nyenyezi agule chiti?

Telesikopu zotchipa zija zolembedwa "675x" pabokosi tizichotseretu pa mpikisanowu. Lenzi ya telesikopu zoterezi, yotambalala mamilimita 60, imakuza bwino mpaka maulendo 120 basi, kupitirira apo mumangoona chimbuuzi, ndipo miyendo yake imanjenjemera ndi kamphepo kalikonse. Zakhumudwitsa anthu ambiri amene akanaikonda ntchitoyi.

Zotsala ndi ziwiri. Seestar S50 ya kampani ya ZWO ndi katelesikopu koyendetsedwa ndi foni: kamadzipezera nyenyezi, kujambula zithunzi za masekondi 10 n'kumaziphatikiza kokha. Usiku woyamba womwewo mupeza Omega Centauri, gulu lalikulu la nyenyezi zothithikana, kapena mtambo wowala wa mlengalenga wotchedwa Carina. Koma maso ake ndi opapatiza, moti Mlalang'amba wonse uli pamwamba pa phiri sikangaujambule, ndipo mapulaneti amatuluka timadontho.

Njira inayo ndi kamera ya DSLR (yosintha malenzi) yoikidwa pa tracker monga Sky-Watcher Star Adventurer, kachipangizo kozungulira motsatira thambo kuti nyenyezi zisajambulike ngati timizere. Mtengo umene mumauona poyamba si wonse ayi. Pamafunikanso miyendo itatu yolimba, mutu wozungulira wogwira kamera, kachingwe kojambulira osakhudza kamera, chitsulo cholinganiza kulemera ngati lenzi ndi yaikulu, ndi kalamba kotenthetsa lenzi chifukwa mame a mu June amaiphimba usiku usanapite patali. Onetsetsani ngati bokosi mukugulalo lili ndi chokhalira chopendekera, chimene chimathandiza kulunjikitsa tracker, chifukwa ena amachigulitsa pachokha, ndipo popanda icho tracker sigwira ntchito bwino. Kenaka pali mtengo wotumizira ndi msonkho wa pachipata.

Koma chimene chimagwetsa ulesi kwenikweni ndi kulunjikitsa. Tracker iyenera kuloza ndendende pamene thambo limazungulirapo. A kumpoto kwa dziko lapansi ali ndi Polaris, nyenyezi yowala ndithu. Kuno kumwera tili ndi Sigma Octantis, yozimiririka kwambiri moti m'tauni simungaione ndi maso. Ku Lilongwe malowo ali madigiri pafupifupi 14 okha kuchokera pansi, kutanthauza kuti mpanda, mtengo wa mango kapena utsi wa moto wa m'tchire wa mu September ukhoza kuwabisa. Mukaphonya pang'ono, lenzi yokokera zinthu pafupi ya mamilimita 135 ionetsa timizere mphindi imodzi isanathe. Yambani ndi lenzi yoona malo aakulu ya mamilimita 18 kapena 24, imene imakhululuka zolakwa zotere, ndipo lunjikitsani kusanade kwambiri pogwiritsa ntchito kampasi ya pafoni, n'kudzakonza bwino nyenyezi zikatuluka.

Apa ndi pamene gulu la okonda zakuthambo limathandiza kuposa kanema aliyense wa pa YouTube, poti ambiri mwa makanemawo amajambulidwa kumpoto kwa dziko lapansi. Amene muli ku South Africa, bungwe la Astronomical Society of Southern Africa lili ndi nthambi ku Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Cape Town. Pitani mukagwire zipangizo za anzanu musanagule zanu.

Ine ndili mbali ya kamera. Ngati muli nayo kale, musagule kanthu: iikeni pa miyendo itatu, lenzi ya mamilimita 18, masekondi 15, ISO (muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala) 3200, mwezi uli mumdima mu June kapena July, zithunzi 30 muziphatikize ndi pulogalamu yaulere ya Siril. Zikakukomerani, gulani tracker. Seestar isiyireni amene alibe kamera ndipo kumwera kwa bwalo lawo n'kotchingika, poti iyo sifuna kulunjikitsa kotere.