Ku Maastricht ndinakweranso chitunda

Abale anga kumudziko, paja ndimakuuzani kuti dziko la Netherlands ndi lathyathyathya ngati mphasa. Zaka zitatu ndili ku Rotterdam, ndipo chimene ndachisowa kwambiri si nsima ayi, ufa timaupeza. Ndasowa phiri. Munthu wobadwira ku Ntcheu maso amamutopa akamaponya kutali osapeza pamene dziko lakwera.

Loweruka lapitali mnzanga wa kuntchito anandikokera ku Maastricht, kum'mwera kwenikweni kwa dzikoli, m'chigawo cha Limburg. Pa sitima ndi maola awiri ndi kanthu, kusinthira ku Eindhoven.

Mukatsika pa siteshoni mumangolunjika kutsogolo, kudutsa dera la Wyck, n'kufika pa mtsinje wa Maas. Dzina la mzindawu likutanthauza powolokera Maas, dooko tingatero, chifukwa Aroma ankawolokera pamenepa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Ife tinawoloka pa mlatho wamiyala wa Sint Servaasbrug, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1200. Ndinaima pakati, njinga zikundilambalala uku ndi uku, pansi pakudutsa chombo chachitali chonyamula katundu.

Tsidya linalo ndi piringupiringu. Tinjira topapatiza toyalidwa miyala, anthu akuyankhula Chidatchi, Chifalansa, Chijeremani ndi chiyankhulo chawochawo cha ku Limburg. Pa bwalo la Vrijthof mipando ya malo omwera khofi inali yodzaza, kumbuyo kwake kuli tchalitchi cha Sint Servaas ndi nsanja yofiira ya Sint Jan. Tinadyapo vlaai, keke yawo yopyapyala yokhala ndi zipatso zowawasira pamwamba.

Malo amodzi anandisautsa mumtima. Pali tchalitchi cha ansembe a Dominican cha m'zaka za m'ma 1200 chimene kuyambira 2006 ndi sitolo ya mabuku. Mashelefu akwera mpaka m'mwamba, ndipo pamene panali guwa anthu akumwapo khofi. N'kokongola, sindikana, ndipo mapemphero anasiya kuchitikamo kalekale, Afalansa atalanda mzindawu mu 1794. Komabe ine ndinavula chipewa, ndipo khofi wa pamenepo sindinamwe.

Madzulo tinayenda wapansi kupita ku phiri la Sint-Pietersberg. Inu mukanati kachitunda. Nsonga yaitali kwambiri m'chigawochi, Vaalserberg, ndi mamita 322 okha, kutsika kuposa pamene pali madzi a nyanja yathu ya Malawi. Koma akatumba atayamba kukoka, mpweya n'kumaperewera, mumtima munangoti myaa. Thupi linakumbuka njira yokwera kuchokera kudimba.

M'kati mwa phirilo muli mapanga okumbidwa ndi anthu. Kwa zaka mazanamazana ankachekamo mwala wofewa wachikasu womangira nyumba, mpaka njira zinafika masauzande. Simulowamo nokha, pamafunika wokutsogolerani. Ndi mozizira chaka chonse, ndipo m'makoma muli zithunzi zojambulidwa ndi makala komanso mayina a anthu amene anathawiramo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Pena pake wotitsogolera anazimitsa nyali n'kutiuza kuti tiyende titagwira khoma. Mdima wake ndi wa bii, woposa usiku wopanda mwezi wa m'dzinja. Chikhato changa chinkakhuza mwala wonga mchenga, ndipo ndinkangomva kupuma kwa munthu amene anali patsogolo panga.

Titatuluka mnzanga analoza kutsogolo nati, uko ndi ku Belgium. Palibe mpanda, palibe chipata. Ndinakumbuka pa Lizulu, pamene mbali ina ya msewu wa M1 ndi Malawi, ina ndi Mozambique, amayi n'kumawoloka ndi madengu a mbatatesi ndi kabichi. Mumzinda wa Maastricht womwewu ndi mmene mayiko 12 anasainira pangano pa 7 February 1992, limene linadzabala ndalama ya euro, ndiye ndalama ya m'thumba mwanu imagula ku Netherlands ndi ku Belgium komwe.

Ndinakhala pa udzu n'kumayang'ana minda ikukwera ndi kutsika, Maas akunyezimira m'munsi. Mnzanga anandikumbutsa kawiri za sitima. Kachitatu m'pamene ndinadzuka.