Wodi ya ana odwala khansa ku Central, ine ndawapatsa 5 pa 5

Mwana wanga wamkazi anali ndi miyezi 14 pomwe ndinayamba kuona timadontho ta magazi pa thewera. Ka kliniki kena ka pulayiveti anangotipatsa ma antibayotiki kawiri konse, ndalama zinapita koma magazi osasiya, apongozi nawo anali atayamba kale zoti tipite kwa asing'anga, mukudziwa mmene zimakhalira.

Ku Kamuzu Central anamupanga sikani, anatapa kanyama kukapima, kenako magazi oyezera chinthu china amati AFP, chomwe chimachuluka m'magazi pakakhala mitundu ina ya khansa. Adokotala anatikhazika pansi ine ndi bambo ake nkutifotokozera bwinobwino kuti ndi chotupa cha khansa munjira ya chiberekero, dzina lake yolk sac tumour, chosowa kwambiri ndipo chimakonda ana osakwana zaka 3. Ine funso langa linali limodzi basi, kodi mumuchotsa chiberekero? Anati ayi mayi, tiyamba ndi kemo chifukwa khansa imeneyi imamva mankhwala.

Kemoyo sindinama ndi yowawa. Timagonekedwa masabata atatu aliwonse, mankhwala ake cisplatin, etoposide ndi bleomycin, ndiye cisplatin ameneyu amafuna dripu ya madzi ambiri kuti impso zisaonongeke, mwana amangokodza usiku wonse matewera kutha ngati masewera. Kusanza, kukana phala, tsitsi lonse linathothoka mpaka nsidze. Koma ma nesi aja abale! Pali mmodzi amapeza mtsempha pa kadzanja kowonda kaja kamodzi kokha, akumuimbira nyimbo mwana mpaka kuiwala kulira, ine ndi amene ndimatembenukira kukhoma.

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi AFP ija. Nthawi iliyonse amandionetsa nambala mu kabuku ka chipatala ikutsika, ngakhale ine wosaphunzira za udokotala ndimaona ndekha kuti mankhwala akugwira. Anandiphunzitsanso kuti thupi likangotentha kufika 38 ndisadikire kuche kapena kungomupatsa panado, ndibwere pompo. Zinachitika kamodzi cha mma 11 usiku, tinachita kudzutsa aneba a galimoto, titafika anamulandira nthawi yomweyo.

Mankhwala sitinalipire ngakhale 1 kwacha, chomwe chinatidya ndi thiransipoti ndi chakudya cha gadiyani, ndiye konzekerani zimenezo, komanso tengani bulangete lokhuthala ngati muli mu June. Panopa tikumapitabe kukayezetsa AFP, opaleshoni yochotsa chiberekero sinachitike, katsitsi kamera kofewa ngati ka khanda ndipo dzulo wathyola rimoti ya TV.